Shadirezi ya Ilda ndi Mlamu Wake

Thabwa la shadirezi, masewera aja ena amati chesi, linafika ku Tsangano ngati mphatso ya a Paulo, osati ya akazi awo Ilda. Amene analipala ndi kulijambula timabwalo toyera ndi takuda anali Cipriano, mng'ono wawo wa a Paulo, mmisiri wa matabwa wa ku Furancungo. Masewerawa anawaphunzira ku Tete pamene ankagwira ntchito yopanga mipando, ndipo atabwerera kwawo anasema yekha zidole zake: mafumu, mafumukazi, akavalo, mabisipu, nsanja ndi tiasilikali. Anapanga mathabwa awiri. Lina anasunga, lina anabwera nalo kwa akulu ake pa Natale, tsiku la Khirisimasi.

A Paulo analiyang'ana, nalitembenuza, naligogoda ndi chala. "Thabwa labwino ili," anatero. "Mbewu ya nyemba ingamaume bwino pamenepa."

Iwo anali munthu wa kumunda wa kachewere ndi mpira wa pa wailesi. Masewera oti anthu awiri akhale chete ngati ali pamaliro sanali awo ayi. Koma Ilda, amene anali pambali akusenda nyemba zaziwisi, anatola kavalo mmodzi namuyang'anitsitsa kunkhope.

"Alamu, uyu wa makutu aataliyu amayenda bwanji?"

"Ameneyo ndi kavalo, alamu, si bulu. Amalumpha. Koma musavutike, izi zimafuna mutu wofatsa."

"Iii! Ndiye inuyo zinakupezani bwanji?"

Umo ndi mmene zinayambira. Pamene Cipriano ankakwera shapa, minibasi yobwerera ku Furancungo, Ilda anali atadziwa kayendedwe ka chidole chilichonse, anali atadziwa kuti mfumu ikaopsezedwa umati "sheke," ndipo ikasowa kothawira jogo yatha, ndiye kuti masewera athera pomwepo. Anagwirizana kuti azisewera pa foni. Aliyense amayala thabwa lake kwawo. Wina akasuntha, amajambula thabwalo n'kutumiza chithunzi, mnzake n'kusuntha chimodzimodzi pa thabwa lake, kenako n'kuyankha.

Ilda ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pamsika wa Tsangano. Makina ake anali opalasa ndi mapazi, ndipo pambali pake panali kathebulo kodulirapo nsalu. Thabwa lija linapeza malo pomwepo, pakati pa lumo ndi mulu wa makapulana, zitenje zoti asoke. Foni ikalira, Ilda amaimitsa phazi, kuyang'ana chithunzi, kusuntha mwachangu, kujambula, kutumiza, n'kubwerera ku msoko wake. Munthu wake anali wachangu m'zonse. Mpendero wa siketi amaumaliza mwini wake asanamalize kupereka moni, ndiye sankaona chifukwa choti kachidole ka mtengo kamudyere nthawi.

Ankaluza jogo iliyonse.

Kuluzako sikunali kowawa kwenikweni. Chowawa chinali mawu amene Cipriano ankatumiza pambuyo pake, mawu ojambulidwa pa foni, oti aliyense wodikira zovala pakhondepo amve.

"Alamu, mfumukazi yanu yafika bwino kuno ku Furancungo. Tayipatsa madzi osamba. Ikuti kwanu kumazizira, sibwereranso."

Amayi a pamsika ankafa ndi phwete. Ilda nayenso ankaseka, koma zifukwa sizinkamusowa. Tsiku lina linali dzuwa lomwe linawalira pa galasi la foni. Tsiku lina anali mwana wa sukulu amene anagunda kathebulo. Nthawi zina ankangoti Cipriano ali ndi mwayi wa mwana womaliza. Madzulo amafotokozera a Paulo kuti jogo ija anali atatsala pang'ono kuwina, iwo n'kuvomera kuti "Eya, eya," khutu lili ku wailesi.

Zinthu zinasintha m'nyengo ya mvula, tsiku lina la nkhungu yotsika mpaka m'miyendo, lomwe pamsika panalibe munthu wofuna kuyezedwa. Aida, mkazi wa Cipriano, anaimba foni ndi nkhani yabwino. Mwana wawo woyamba, Sandra, adzakwatiwa anthu akakolola, ndipo diresi la ukwati ankafuna lisokedwe ndi Ilda. Anati atumiza chithunzi cha mtundu wa diresi lomwe mtsikanayo walikonda.

Chithunzicho chinakana kutseguka. Foni inati yadzaza.

Ilda anatsegula momwe mumakhala zithunzi, ndipo anadziseka yekha. Munalibe ana, munalibe munda, munalibe ngakhale ubatizo wa mdzukulu wa anzake. Munali mathabwa okhaokha, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anayamba ndi chithunzi chatsopano kuti azifufuta akubwerera m'mbuyo. Chinali cha jogo ya dzulo lake, mfumu yake itapanikizidwa pakona. Anakankha ndi chala kuti aone chotsatira, mfumu ija inatuluka pakonapo. Anakankhanso, nsanja yake yodyedwa inabwerera pamalo pake. Anapitiriza, ndipo mfumukazi yake, ija inapatsidwa madzi osamba, inadzuka n'kuimanso pakati pa thabwa.

Chala chinaima. Mfumukaziyo inali yokhayokha kutali m'dera la adani, itapita kukadya kamsilikali kamodzi. Kumbuyo kwake akavalo ake awiri ndi mabisipu anali asanasunthe n'komwe, ali ndandanda ngati alendo odikira mpando.

"Kodi ndine ndinachita zimenezi?" anadzifunsa mokweza.

Anapita ku jogo ina. Chimodzimodzi. Ina ya mwezi wathawo, yomwe anaiimbira mlandu mwana wa sukulu uja, chimodzimodzinso. Cipriano ankangosiya kamsilikali poyera, mfumukazi ya Ilda n'kuthamangira, kenako akavalo ake a Cipriano ankatuluka mmodzimmodzi akuithamangitsa uku ndi uku mpaka itasowa kolowera. Nkhani ya dzuwa munalibe m'zithunzimo.

Tsiku limenelo sanafufute thabwa ngakhale limodzi. Anafufuta nyimbo za kwaya zomwe a Paulo anamuikira, diresi la Sandra linatseguka, analiyang'ana pang'ono nati n'losavuta, kenako anachotsa makapulana pa kathebulo n'kuyala zidole zonse poyambira. Anatenga jogo imodzi n'kuyamba kuiseweranso yekha, chithunzi ndi chithunzi. Pa kusuntha kulikonse kwake ankaima n'kudzifunsa kuti pamenepa ankafuna chiyani. Nthawi zambiri yankho linali lochititsa manyazi: sankafuna kalikonse, ankangofuna kuyankha msanga kuti abwerere ku makina.

Majogo otsatira mfumukazi anaisunga pakhomo. Anayamba kutulutsa akavalo ndi mabisipu, mfumu n'kuibisa kuseri kwa asilikali ake pafupi ndi nsanja. Analuzabe. Koma jogo yomwe kale inkatha tsiku limodzi tsopano inkagona, n'kudzuka, n'kugonanso. Mawu a Cipriano anayamba kusintha.

"Alamu, mfumukazi yadwala kodi? Kuno tayisowa."

"Ili pa chikuta," anayankha Ilda. "Idzatuluka nthawi yake ikakwana."

Jogo iliyonse ikatha, ankaibwereza. Chinthu chachiwiri anachiona mwangozi. Zithunzi za Cipriano zinkajambulidwa kuchokera kumbali yake, zidole zakuda zili pafupi, zoyera za Ilda zili kutali. Kale ankangoyang'ana kuti chasuntha n'chiti, basi. Tsopano, poziyang'ana modekha, anaona mudzi wake mmene mdani amauonera. Apa pali mpata. Apo pali kavalo wopanda womuteteza. Uko nsanja yatsekeredwa ndi anzake omwe. Zinali ngati kuona nyumba yako uli kumsewu, n'kuzindikira kuti mpanda unagwa kalekale kumbuyo kwa khola. Kuyambira pamenepo, asanasunthe, ankatembenuza thabwa n'kukhala kaye Cipriano kwa kanthawi, n'kudzifunsa kuti akanakhala iyeyo akanamuluma pati mayi ameneyu.

Ntchito inavutikako pang'ono. A Baptista, amene ankagulitsa feteleza m'sitolo ya pakhondepo, anabweretsa buluku kuti alifupikitse miyendo. Ilda anadula mwendo umodzi, foni inalira, anatembenuza thabwa, anaganiza, anasuntha, kenako anabwerera n'kudulanso mwendo womwewo. A Baptista atalivala anaima pakhondepo, bondo limodzi lili panja.

"Mayi, kodi mwaona kuti ndimayenda chopendekera?"

Ilda anagwira pakamwa, kenako onse awiri anaseka mpaka misozi. Bulukulo linasanduka kabudula wa kumunda, ndipo Ilda anawasokera lina latsopano ndi nsalu yake. Anaika lamulo: lumo likakhala m'manja, foni izikhala m'thumba. Majogo akale anayamba kuwabwereza kunyumba masana a Lamulungu, akabwera ku tchalitchi. A Paulo anapatsidwa ntchito yogwira foni ndi kusuntha zidole zakuda monga mwa zithunzi. Ankadandaula kuti akuwaphonyetsa mpira, koma ankakhala.

Lamulungu lina anafika pa jogo yomwe Ilda ankaikumbukira bwino chifukwa inamupweteka. Kavalo wa Cipriano analumphira pafupi ndi mfumu yake, kuopseza mfumu ndi mfumukazi nthawi imodzi. Tsiku lija Ilda anangolemba kuti wagonja, n'kusonkhanitsa zidole mokwiya. Tsopano a Paulo anaika kavaloyo pamalo pake nati, "Basi, zithunzi zathera pompa."

Ilda anayang'ana. Anayang'ananso. Kutali kumbali ya Cipriano kunali bisipu wake woyera, amene anamutumiza kukadya msilikali n'kumuiwala komweko. Kuchokera pomwe anaima bisipuyo, mzere wopingasa unali woyera mpaka pa kavalo uja. Akanangobwerera chambuyo n'kumudya. Cipriano akanatsala wopanda kavalo, wopanda chiwembu, mfumu yake ili pambalambanda.

"Mayo ine!" Ilda anaimirira manja ali kumutu. "Bambo ake a ana, ndinagonja jogo yowina!"

"Ndiye kuti munathawa galu womangirira," anatero a Paulo, mapewa akugwedezeka.

Ilda anaimbira Cipriano foni nthawi yomweyo. "Alamu, jogo ija ya kavalo. Munkadziwa?"

Kumbali inayo kuseka kunaphulika. "Alamu anga, tsiku limenelo ndinatuluka thukuta mpaka malaya kunyowa! Nditangotumiza chithunzi ndinamuona bisipuyo. Ndinapemphera. Uthenga wanu utafika, ndinagulira anyamata a pa shopu fanta."

"Osandiuza?"

"Kodi mbewa ikakuthawa m'dzenje imabweranso kudzakuuza kuti unakumba molakwika? Koma mwazidziwa bwanji zimenezi, patapita nthawi yonseyi?"

"Ndinalota," anatero Ilda, n'kudula foni.

Mvula inatha, kachewere anakumbidwa, chimanga chinalowa m'nkhokwe, chisanu cha ku Tsangano chinafika n'kuyamba kuchepa. Ilda anali asanawinebe, ngakhale kawiri konse jogo inathera pakati, popanda wopambana, ndipo Cipriano masiku amenewo sanatumize mawu alionse. Diresi la Sandra linasokedwa, loyera, la manja a lesi, n'kukulungidwa m'kapulana watsopano. Lachinayi la sabata ya ukwati, Ilda ndi a Paulo anakwera shapa mpaka ku Ulongwe, n'kukwera ina ya ku Furancungo. Fumbi la msewuwo linawasandutsa ofiira nsidze, koma diresi linali pamiyendo pa Ilda ulendo wonse, m'pepala la pulasitiki, ngati khanda.

Pakhomo pa Cipriano panali piringupiringu. Amayi ankapeta mpunga, ena ankaphika thobwa m'migolo, anyamata ankamanga chisakasa. Tsiku lotsatira dzuwa litapendeka pang'ono, Cipriano anatulutsa thabwa lake n'kuliika pa benchi pansi pa mtengo wa mango, kutsogolo kwa shopu yake ya matabwa.

"Alamu, pa foni munthu amatha kufunsa anzeru. Bwerani tionane maso ndi maso."

Anthu anasonkhana, ambiri osadziwa n'komwe masewerawo, koma odziwa kuti pali chilamu. Aida anabwera ndi lichero lake n'kuima kumbuyo kwa Ilda. A Paulo anakhala pa chitsa chapakati, nati iwo alibe mbali, popeza uku ndi magazi, uku ndi chakudya cha madzulo.

Kwa Ilda apa panalibe kutembenuza thabwa, panalibe kupita kukatunga madzi n'kubwera ndi nzeru. Anapinda manja pansi pa kapulana wake kuti asathamange, ndipo thabwalo ankalitembenuza m'mutu. Anatulutsa akavalo, anatulutsa mabisipu, anabisa mfumu. Posakhalitsa Cipriano anakankha kamsilikali n'kukasiya poyera, kenako anayamba kuyang'ana mbalame m'mwamba akuimba mluzu.

Dzanja la Ilda linatuluka m'kapulana lokha. Linafika pamwamba pa mfumukazi, linaima, n'kubwerera.

"Nyambo imeneyi ndinaidya kokwanira, alamu. Mupatse wina."

Anthu anaseka, ndipo Cipriano anasekanso, koma mluzu unatha. Anayamba kuukira. Anabweretsa mfumukazi yake, akavalo onse, kenako nsanja imodzi, kenako inzake, zonse kukhamukira kumene kunali mfumu ya Ilda. Ilda ankatseka apa, kutseka apo, kusinthanitsa chidole ndi chidole akapeza mpata. Kangapo konse anaona ngati zatha, ndipo mawu ogonja anafika pakamwa. Koma nthawi iliyonse ankayang'ana kaye thabwa lonse, ngodya zonse, ngakhale zidole zoiwalika za kutali, n'kupeza kanjira.

Ndiye anaona. Zidole zonse za Cipriano zinali kwa iye kuno. Kwawo kunatsala mfumu yokha, itaima kuseri kwa asilikali ake atatu amene sanasunthepo chiyambire, ndipo mzere wonse wa kumbuyoko unali mbee. Nsanja ya Ilda inali ndi njira yoyera kuchokera pomwe inali mpaka kumapeto. Anayang'ana ngati pali chomwe chingabwerere kudzatchinga. Panalibe. Anayang'ananso kachiwiri, chifukwa ankadzidziwa. Kenako ananyamula nsanjayo n'kuitsetsereka mpaka kumzere womaliza.

"Sheke," anatero motsitsa.

Cipriano anagwira mfumu yake kuti aisunthe. Kutsogolo asilikali ake omwe anaitsekera. Kumbali nsanja inali kudikira. Anaisiya, nakanda m'mutu, nayang'ana Ilda, nayang'ananso thabwa.

"Epa," anatero. "Yafa."

Aida anaponya lichero pansi n'kuimba nthungululu yoti amayi a kumigolo ya thobwa anathamanga poganiza kuti akuchimuna afika. A Paulo anaiwala zoti alibe mbali, anavula chipewa n'kuchiponya m'mwamba. Ilda anangokhala, akuseka.

"Alamu," anatero atapuma, "musasokoneze zidole. Tiyeni tiibwereze."

"Tiibwerezenso chiyani? Mukufuna mundiphe kawiri?"

"Pali pena pake pakati paja sindinamve bwino m'mimba. Ndikufuna ndipaone."

Cipriano anadandaula kuti jogo yatha ndi yatha, ngati madzi otayika, koma anthu anamukakamiza. Anayalanso zidole n'kuyamba kukumbutsana, uyu akuti ndinapita apa, uyo akuti ayi munayamba ndi kavalo. A Paulo, amene Malamulungu onse aja anawaphunzitsa zambiri kuposa mmene ankavomerera, ndi amene ankaweruza akasemphana. Atafika pakati, Ilda anaimika dzanja.

"Apa. Taonani. Nditasuntha bisipu uyu, kavalo wangayu anatsala yekha. Mukanangomudya ndi mfumukazi, n'kundipatsanso sheke. Ine ndikanathera pomwepa."

Cipriano anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda thabwa. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anayenda mpaka pa mulu wa matabwa, anabwerera, nakhalanso.

"Ndinali ndikuyang'ana mfumu yanu yokha," anatero ndi mawu a munthu woferedwa. "Kavalo waulere! Ndiye mwandionetseranji? Ndikanagona bwino lero."

"Kuti mawa musadzanene kuti munaluza chifukwa cha phokoso la ukwati."

"Ndiye zimene mumachita ku Tsangano n'zimenezi? Maloto aja ndi amenewa?"

"Ndi amenewa. Majogo onse ali mu foni yanu inunso, ngati simunafufute."

Cipriano anatulutsa foni yake n'kuyamba kukankha ndi chala, nkhope ikusintha pang'onopang'ono. Koma Aida anali atatola lichero lake. Anati masewera akwana, mkwatibwi akudikira m'nyumba kuti ayese diresi, ndipo mbuzi sizidzipha zokha.

Ilda analowa m'chipinda. Sandra anali ataima pa mphasa, diresi lili m'thupi, anzake awiri akumuzungulira ndi kalilole. Linamukhala bwino m'chiuno ndi m'mapewa, koma linatalika pang'ono kutsogolo, moti akanaliponda polowa m'tchalitchi. Ilda anagwada, anaika mapini pakamwa n'kuyamba kupinda mpendero.

"Amayi aakulu," anatero Sandra, "n'zoona kuti mwawagonjetsa ababa?"

Ilda anagwedeza mutu, pakamwa pali mapini.

"Ndiye mawa pa phwando adzalankhula mwachidule," anatero mtsikanayo, anzake n'kugwa ndi kuseka.

Kunja kunkamveka mawu a abale awiri aja akukangana. A Paulo ankanena kuti kavaloyo iwo anamuona kalekale, kungoti sanafune kulowerera, ndipo Cipriano ankawauza kuti ngati ndi choncho akhale pa benchipo aonetse. Aida anawaitananso kachiwiri za mbuzi zija. Ilda analavula pini yomaliza m'dzanja, nauza Sandra kuti ayende pang'ono kufika pakhomo ndi kubwerera, kuti aone ngati mpendero wafanana.